Amayi onenepa akusowabe malo oyenera pa kanema ndi m'nyuzipepa

LILONGWE – Mu Novembala 2023, pa mpikisano wa chiphadzuwa cha dziko lonse wa Miss Universe womwe udachitikira ku El Salvador, maso a anthu ambiri adali pa Jane Dipika Garrett wa ku Nepal. Mtsikanayu sadapambane, koma adalowa m'gulu la atsikana 20 omwe adachita bwino koposa. Nyuzipepa za m'maiko ambiri zidalemba za iye kaamba ka chinthu chimodzi chokha: adali wathupi, pa mpikisano womwe udazolowereka kukhala wa atsikana ochepa thupi kuyambira pomwe udakhazikitsidwa mu 1952.

Anthu ambiri adaombera m'manja, ati dziko latseguka maso. Koma chimwemwecho chidabisa funso lofunika. Ngati kuoneka kwa mtsikana mmodzi wonenepa kudasanduka nkhani ya dziko lonse, ndiye kuti amayi onenepa, omwe ali mbwee m'misika, m'maofesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, akusowa pa kanema ndi m'magazini. Ndipo pomwe aonekapo, kawirikawiri amaoneka ngati choseketsa, ngati chionetsero, kapena ngati wodwala.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji, chifukwa mayi wa dziko lino ali pakati pa miyeso iwiri yotsutsana: wakale womuuza kuti anenepe, ndi watsopano womuuza kuti aonde.

Muyeso wakale

Kwa nthawi yaitali, kunenepa pakati pa Amalawi kwakhala chizindikiro cha mtendere. Mkazi akakwatiwa n'kuyamba kudzaza chitenje, abale amati wapeza banja labwino ndipo mwamuna akumusamala. Akaonda, azakhali ndi ankhoswe amayamba kufunsa ngati kunyumbako kuli mtendere. Mawu akuti "mwanenepatu" pakati pa anthu omwe sadaonane nthawi yaitali akhala ali moni woyamikira, osati chipongwe.

Maganizowa sadangobwera. M'dziko lomwe njala imabwera pafupipafupi, monga ya mu 1949 ndi ya mu 2002, thupi lodzaza limasonyeza kuti nkhokwe ili ndi chimanga.

Mliri wa Edzi udalimbitsa maganizowa. Matendawa atapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, anthu adayamba kuwazindikira ndi kuonda, mpaka dzina lakuti kaliwondewonde lidamveka paliponse. Ku Uganda nakonso matendawa adapatsidwa dzina lotanthauza kuonda. Kufikira pomwe boma lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004, ndipo ngakhale pambuyo pake, mayi yemwe watsika thupi ankalozedwa zala. Kafukufuku wa ku South Africa adapeza kuti amayi ena akuda sankafuna kuchepetsa thupi poopa kuti anthu awaganizira kuti ali ndi kachilombo.

Choncho kulemekeza kunenepa komwe timanyadira kuti ndi chikhalidwe chathu kudali ndi mbali yake yowawa. Woonda ankanyozedwa, ndipo wonenepa ankayamikiridwa osati chifukwa cha iye mwini, koma ngati umboni wa chuma cha mwamuna wake.

Muyeso watsopano

Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba kuulutsa mu 1999. M'zaka zotsatira mudabwera wailesi zina za kanema, mafilimu ndi nyimbo zakunja, kenako mafoni a intaneti ndi masamba a mchezo monga Facebook, Instagram ndi TikTok. Mtsikana wa ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi lero amaona zithunzi za akazi ambiri pa tsiku limodzi kuposa zomwe agogo ake adaona pa moyo wawo wonse, ndipo zambiri mwa zithunzizo n'zokonzedwa pa kompyuta kapena pa foni.

Zomwe zidachitika ku Fiji, dziko la zilumba za m'nyanja ya Pacific, zikupereka phunziro. Anthu a kumeneko, monga ife, ankalemekeza thupi lodzaza ndipo kudya bwino kudali ulemu kwa wophika. Kanema adafika m'dera la Nadroga mu 1995. Katswiri wa pa yunivesite ya Harvard, Anne Becker, adafunsa atsikana a sukulu m'chaka chomwecho, ndipo adafunsanso ena mu 1998. Poyamba padalibe mtsikana yemwe adati amadzisanzitsa dala kuti aonde. Patatha zaka zitatu, atsikana 11 pa 100 aliwonse adavomera kuti amatero, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse adati amadziona kuti ndi onenepa kwambiri.

Fiji si Malawi, koma phunziro lake n'lomveka: chikhalidwe chomwe chakhalapo zaka mazanamazana chitha kugwedezeka m'zaka zochepa ngati chithunzi chimodzimodzi chikubwerezedwa tsiku ndi tsiku.

Muyeso watsopanowu ndi wovuta kuposa wakale. Sukungofuna kuti mkazi aonde basi. Ukufuna mimba yaphwa ndi chiuno chaching'ono, koma mbina ndi chifuwa zikhale zazikulu, thupi lomwe ndi akazi ochepa okha amabadwa nalo. Apa ndi pomwe amalonda apezerapo mpata. Ena akugulitsa tiyi ndi malamba ochepetsa mimba, ena mapiritsi ndi mafuta okulitsa ziwalo. Mankhwala a Apetamin, omwe akhala akutsatsidwa pa intaneti ngati onenepetsa, adachenjezedwa ndi mabungwe oona za mankhwala ku Britain ndi ku America chifukwa amagonetsa tulo ndipo atha kuononga chiwindi. Wogula onse awiri, ochepetsa ndi okulitsa, ndi mkazi mmodzi yemweyo, yemwe wauzidwa kuti thupi lake lili ndi cholakwika.

Zomwe maiko ena achita

Maiko a ku Ulaya adayamba kuchitapo kanthu anthu atafa. Mu Ogasiti 2006, Luisel Ramos, mtsikana wa zaka 22 woonetsa zovala ku Uruguay, adamwalira atangotsika pa nsanja ya chionetsero, atakhala nthawi yaitali akudzimana chakudya. Mu Seputembala chaka chomwecho, okonza chionetsero cha zovala ku Madrid m'dziko la Spain adaletsa atsikana oonda mopyola muyeso kutenga nawo mbali. Mu Novembala, Ana Carolina Reston wa ku Brazil, wa zaka 21, adamwaliranso ndi matenda okana chakudya.

Dziko la France lidakhazikitsa lamulo mu 2015, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2017, lofuna kuti oonetsa zovala azikhala ndi chikalata cha dokotala, komanso kuti chithunzi chotsatsa malonda chomwe thupi la munthu lasinthidwa pa kompyuta chizilembedwa kuti n'chokonzedwa. Dziko la Norway lidayamba kutsata lamulo longa lomweli mu 2022.

Amalonda nawo adaona komwe mphepo ikulowera. Mu 2004 kampani yopanga sopo wa Dove idayamba kutsatsa malonda ake pogwiritsa ntchito amayi wamba a matupi osiyanasiyana, itachita kafukufuku m'maiko khumi yemwe adapeza kuti amayi awiri okha pa 100 aliwonse ndiwo ankadzitchula kuti ndi okongola. Mu 2016 Ashley Graham adakhala mkazi wathupi woyamba kuoneka pachikuto cha magazini ya zovala zosambira ya Sports Illustrated, ndipo chaka chomwecho kampani ya Mattel idatulutsa chidole cha Barbie chathupi.

Komabe, kusintha kodalira malonda kumatha malonda akasintha. Kampani ya Unilever, mwini wake wa Dove, pa nthawi yomweyo inkagulitsanso mafuta oyeretsa khungu a Fair & Lovely, omwe dzina lake lidasinthidwa mu 2020 anthu atadandaula. Ndipo kuchokera pomwe mankhwala obaya a Ozempic ndi Wegovy, opangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, adatchuka ngati njira yochepetsera thupi, kuonda kwabwereranso m'fashoni. Kawuniwuni wa Vogue Business adapeza kuti mu 2024, pa zionetsero zazikulu za zovala za ku New York, London, Milan ndi Paris, zovala zomwe zidaonetsedwa ndi amayi onenepa sizidakwane ngakhale chimodzi pa 100 zilizonse.

Chikomekome cha mipikisano

Mu Africa muno, yankho lomwe ambiri athamangira ndi mipikisano ya chiphadzuwa ya amayi athupi. Ku Ivory Coast kuli mpikisano wa Awoulaba, ndipo kuno kwathu anthu akukumbukira wa Miss Matofotofo. Mipikisanoyi idathandiza kunena poyera kuti kukongola kulibe sayizi imodzi, ndipo amayi ena adapezerapo kudzidalira.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Febuluwale 2019, yemwe adali nduna yothandizira pa zokopa alendo ku Uganda, Godfrey Kiwanda, pokhazikitsa mpikisano wa Miss Curvy adanena kuti amayi a mbina atha kukhala chimodzi mwa zinthu zokopa alendo m'dzikolo. Mabungwe a amayi adakwiya, ponena kuti ndunayo yaika amayi pa mndandanda umodzi ndi nyama za kunkhalango.

Mkwiyowo uli ndi mbiri yake. Mu 1810 Sarah Baartman, mayi wa mtundu wa Khoikhoi wa ku South Africa, adatengeredwa ku London komwe anthu ankalipira ndalama kuti aone thupi lake. Adamwalira ku Paris mu 1815, ndipo ziwalo zake zidasungidwa m'nyumba yoonetsera zinthu zakale kwa zaka zambiri. Mafupa ake adabwezedwa kwawo mu 2002, boma la South Africa litapempha kwa nthawi yaitali, ndipo adaikidwa m'manda pa 9 Ogasiti, tsiku la amayi m'dzikolo.

Nkhani ya Baartman ikutikumbutsa kuti kuonetsedwa si kulemekezedwa. Kanema wa nyimbo yemwe kamera yake imangolondola mbina ya wovina, nkhope yake osaoneka, sadalemekeze mayi wathupi. Wangosintha chiwalo choti amuna aziyang'ana.

Momwe timawaonetsera kuno

Yemwe amaonera zisudzo zathu amadziwa mbali zomwe mayi wonenepa amapatsidwa. Amakhala mpongozi wankhanza, mwini nyumba wolalata pofuna lendi, kapena mkazi womenya mwamuna wake wochepa thupi kuti anthu aseke. Mbali ya mtsikana wofunsiridwa, ya dokotala kapena ya loya kawirikawiri imapita kwa wina.

Pa zikwangwani za malonda, mayi wathupi amapezeka pomwe akutsatsa sopo wochapira, mafuta ophikira kapena ufa. Malonda a foni, galimoto, banki ndi zodzoladzola amakonda mtsikana wochepa thupi, nthawi zambiri woyera khungu. M'nyuzipepa, nkhani ya matenda a shuga ikatuluka, chithunzi chake chimakhala cha mimba ya munthu yemwe mutu wake wadulidwa, ngati kuti alibe dzina kapena nkhope.

Zomwe zimaseketsa pa kanema zimatsikira mumsewu. Mayi wonenepa akakwera minibasi amamva nthabwala zakuti alipire mipando iwiri. Pa kabaza amanenedwa kuti aphulitsa tayala. Pa kaunjika amasanthula mulu wonse osapeza chomukwana, mpaka kuthawira kwa telala. Akaika chithunzi pa Facebook, anthu omwe sadamuonepo amalemba za mimba yake. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, koma kwa yemwe akuzimva tsiku lililonse zimamuchititsa kukana kujambulitsa, kuopa kuima pamsonkhano, ndipo mtsikana wa sukulu amasiya masewera.

Dziko lino lidaonapo kale komwe chizolowezi choweruza thupi la mkazi chimathera. Lamulo la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, mpaka lidachotsedwa pa nthawi yolowa ndale za zipani zambiri. Mu Janyuwale 2012, magulu a anyamata adavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya m'mizinda yathu, zomwe zidachititsa amayi kuchita zionetsero ku Blantyre. Muzu wa zonsezi ndi umodzi: ganizo lakuti thupi la mkazi ndi nkhani yomwe aliyense ali ndi ufulu woyankhulapo.

Nanga za umoyo?

Pali ena omwe akuti kulimbikitsa amayi kuvomereza matupi awo ndi kulimbikitsa matenda. Nkhawa yawo njomveka ndipo siyofunika kuinyalanyaza. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse pa dziko lapansi adali wonenepa mopyola muyeso. Kunenepa kotere kumaonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kufa ziwalo ndi khansa zina.

Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adali olemera kuposa muyeso, kuchoka pa 10 mu 1992. M'mizinda chiwerengerocho chidali 36 pa 100 aliwonse. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Izi zikusonyeza kuti khomo limodzi litha kukhala ndi mayi wonenepa ndi mwana wosowa zakudya m'thupi.

Zifukwa zake n'zambiri ndipo si umbombo monga ena amanenera. Pali chibadwa cha kumtundu, kubereka, mankhwala ena, ntchito zokhala pansi, komanso mtengo wa zakudya. M'tauni, mandazi, chipisi ndi zakumwa zotsekemera zimapezeka msanga ndipo zimakhutitsa pa ndalama yochepa, pomwe kukwanitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe achipatala amalangiza n'kovuta kwa mabanja ambiri.

Chachikulu n'chakuti kunyoza sikuchiritsa. Mu 2020 akatswiri ndi mabungwe a zaumoyo a m'maiko osiyanasiyana adatulutsa chikalata chogwirizana m'magazini ya zasayansi ya Nature Medicine chonena kuti kusala anthu onenepa kumaononga thanzi lawo ndipo kumawalepheretsa kulandira chithandizo choyenera. Munthu yemwe amaopa kusekedwa pa sikelo amachedwa kupita kuchipatala, ndipo matenda ake amapezeka mochedwa.

Ngakhale muyeso wa BMI, womwe umayerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu, uli ndi malire. Udachokera ku ntchito ya katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo sudapangidwe kuti uziyeza thanzi la munthu payekha. Mu Janyuwale 2025 gulu la akatswiri lomwe lidasonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet lidalangiza kuti BMI payokha siyokwanira, ndipo madokotala aziyezanso chiuno ndi kuona momwe ziwalo za m'thupi zikugwirira ntchito. Alipo onenepa omwe magazi awo akuyenda bwino, ndipo alipo oonda omwe ali ndi shuga osadziwa.

Choncho kuvomereza thupi sikutanthauza kukana malangizo achipatala. Kukutanthauza kuti ulemu wa munthu sudikira kuti ayambe waonda. Mayi yemwe sachita manyazi ndi thupi lake ndi amene amalimba mtima kuvala nsapato zothamangira n'kuyenda mumsewu m'mawa, kapena kupita kukayezetsa magazi.

Udindo uli kwa yani?

Malamulo alipo kale. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho. Lamulo la mu 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza ndi mawu onyazitsa okhudza kugonana, pomwe lamulo la mu 2016 loona za ntchito za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina. Bungwe la MACRA limayang'anira nyumba zoulutsa mawu, ndipo bungwe la Media Council of Malawi limalandira madandaulo okhudza atolankhani.

Koma lamulo silingalembe sewero kapena kusankha chithunzi cha patsamba loyamba. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa akonzi a nyuzipepa, olemba zisudzo, ojambula makanema a nyimbo ndi otsatsa malonda. Mkonzi atha kukana chithunzi cha munthu wodulidwa mutu. Wolemba sewero atha kupereka mbali ya namwino, mphunzitsi kapena mkwatibwi kwa mayi wathupi popanda thupi lakelo kukhala nthabwala ya m'seweromo. Mwini wailesi ya kanema atha kulemba ntchito wowerenga nkhani poyang'ana mawu ake ndi nzeru zake. Mtolankhani wolemba za phungu wamkazi atha kulemba zomwe wanena m'Nyumba ya Malamulo, n'kusiya za kukula kwa thupi lake monga momwe amasiyira za mimba za aphungu aamuna.

Achipatala nawo ali ndi mbali yawo. Uthenga wa zaumoyo uzikamba za kuchepetsa mchere, shuga ndi mafuta, kuyenda pansi ndi kuyezetsa magazi, ndipo uzipita kwa onse, amuna ndi akazi, onenepa ndi oonda. Makolo, alangizi ndi aphunzitsi akumbukire kuti mawu oyamba omwe mtsikana amamva okhudza thupi lake amachokera pakhomo, ndipo maina achipongwe opatsidwa paubwana amakakamira mpaka kukula.

Mipikisano ya chiphadzuwa ndi zikuto za magazini zimabwera n'kupita, monga momwe zionetsero za ku Paris ndi Milan zasonyezera. Chomwe chidzasonyeze kuti zinthu zasintha ndi tsiku lomwe mayi wonenepa adzawerenga nkhani za 8 koloko madzulo, kutsatsa malonda a banki kapena kukhala mwini nkhani m'filimu yachikondi, anthu n'kumakambirana zomwe wanena osati kukula kwa thupi lake.